Belu la kusukulu, kompyuta yakale ndi port yomwe ndinaotcha

Nkhaniyi inayamba mwezi wa Juni, nthawi ija kuno ku Dedza kumazizira mpaka zala zimakana kugwira kasikulu m'mawa. Ndinali nditangotsegula shopu, ndikuwothera manja pa chowotcherera, pomwe anafika ahedi a sukulu ina ya pulaiveti ya konkuno. Belu lawo ndi lamagetsi, lija la 230V lokhomedwa pakhonde, koma woliza ndi mwana wasukulu amene amayang'ana wotchi ya mu ofesi, nde pena waiwala, pena aphunzitsi amugwira mkalasi, phunziro la mphindi 40 limafika 55 ndipo aphunzitsi ena amadandaula kuti nthawi yawo yadyedwa. Mu ofesimo muli desktop yakale imene amalembera mayeso ndi malipoti a ana. Funso lawo linali lachidule: "Achimwene, kompyuta imene ija imadziwa nthawi. Singathe kumaimba belu yokha?"

Ndinawauza kuti zitheka, ndipo zinathekadi, koma ndisanafike pamenepo ndinaotcha kaye port ya kompyuta yanga, paja polumikizira zipangizo kumbuyo kwake, nde ndikufuna anzanga amene mumakonza mafoni ndi mawailesi pa Boma, pa Bembeke, ku Linthipe mpaka ku Lizulu mudziwe pomwe ndinapunthwa, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri mwa ife tikaona 5V pa mita timangoganiza kuti basi zatheka.

Relay ambiri mumaidziwa, amakanika amaigwira tsiku ndi tsiku pa hutala ndi pa malaiti a galimoto. Ndi swichi imene imakanikizidwa ndi maginito m'malo mwa chala. Mkati muli koyilo ya waya wowonda, mukaipatsa magetsi pang'ono imasanduka maginito nkukoka kachitsulo, kachitsuloko nkugunda mbali ina, kuti tyaa, magetsi aakulu nkudutsa. Koyilo ili kwayokha, njira ya magetsi aakulu ili kwayokhanso. Nde ine maganizo anga anali akuti kompyuta ipatse koyilo magetsi, relay itsegule belu, nkhani yatha.

Kunyumba ndili ndi desktop yanga yakale ya nthawi ya Windows XP, ili ndi parallel port kumbuyo, ija yayitali ya mabowo 25 yomwe kale timalumikizapo printer. Pa port imeneyi mapini 2 mpaka 9 ndi a data, mumatha kuwayatsa ndi kuwazimitsa ndi pulogalamu, pomwe 18 mpaka 25 ndi ground. Ndinayatsa pini 2, mita nkuonetsa pafupifupi 5V. Ndinali ndi ka relay ka buluu kaja kolembedwa SRD-05VDC, kakuti 5V. Ndinalumikiza koyilo pa pini 2 ndi pa ground, koma zii, osagunda. Kuyeza mavolti relay ili pomwepo, agwa pansi kwambiri. Apa ndipomwe ndikanaima nkufunsa chifukwa chake, koma ndinaganiza kuti pini imodzi ikuchepa mphamvu, bwanji ndiphatikize zitatu. Ndinapota mawaya a pini 2, 3 ndi 4 pamodzi. Ka relay kanayamba kunjenjemera, kenako kugunda mofooka, ndinayatsa ndi kuzimitsa mwina kakhumi ndikusangalala kuti zayamba kuyenda, kenako kanangosiya. Kuchotsa relay, kuyeza mapini aja, onse atatu 0V, kaya pulogalamu inene chani.

Chimene ndinanyalanyaza ndi ichi. Koyilo ya ka relay ka 5V kaja ndi ya ma ohm 70 kapena pamenepo, kutanthauza kuti imafuna 70 mA kuti igunde bwino. Parallel port siinapangidwire zimenezo. Pa IBM PC yoyamba ija ya 1981 mapini a data ankachokera pa chip ya 74LS374 imene imatulutsa 2.6 mA basi, ndipo ngakhale muyezo wa IEEE 1284 umene unabwera mu 1994 umangonena za 14 mA. Nde taonani, 70 kuyerekeza ndi 14. Mukaima pamsewu tsiku la msika mumaona ngolo zodzaza matumba a kachewere, pamwamba pali kamnyamata kakang'ono kakukuwa, ng'ombe nkumayenda. Kamnyamatako ntchito yake ndi mawu, kukoka ndi kwa ng'ombe. Port ya kompyuta ndi kamnyamata kaja, ndipo ine ndinakamanga m'goli.

Komanso sikulemera kwa katundu kokha ayi. Koyilo ili ndi khalidwe lake, siifuna kudulidwa magetsi mwadzidzidzi. Mukazimitsa, maginito aja amagwa nthawi imodzi ndipo koyilo imabweza mavolti ambiri chobwerera m'mbuyo, kwa kanthawi kochepa kwambiri koma amatha kupitirira 100V kuchokera pa 5V yokhayo. Ndi nzeru yomweyi imene koyilo ya galimoto ya petulo imagwiritsa ntchito kuti pulagi ithethetse moto. Nde nthawi zonse khumi zomwe ndinkazimitsa zija, ndinkamenya chip ndi kamoto kameneka. Ndipo kupota mapini atatu pamodzi ndi vuto lina palokha, chifukwa pini imodzi ikakhala pa 5V inzake ili pa 0V ndekuti mwashotetsa mkati mwa chip.

Chomwe chinandiopsa nditakhala pansi ndi chakuti pa ma motherboard ambiri parallel port, serial port, keyboard ya PS/2 ndi zoyang'anira mafani zonse zimadutsa pa chip imodzi yotchedwa Super I/O, yowotcherera pa bolodi, timiyendo tambirimbiri. Yanga inafa mbali ya port yokha. Koma ndikanayesera pa kompyuta ya kusukulu ija, nkufa yonse sabata yolemba malipoti, sindikudziwa ndikanawayang'ana bwanji ahedi.

Nditayambiranso ndinasankha kusakhudza port ya pa motherboard ngakhale pang'ono. Ndinagula kebulo ya USB to serial, ija ya mapini 9 kumapeto, kuti chikalakwika chinachake ife ndi kebuloyo. Apa ndichenjezeko, musagule ya USB to parallel poganiza kuti muziyatsa mapini monga ndinkachitira ine, zambiri mwa izo kompyuta imaziona ngati printer basi, simungalamule pini imodzi imodzi. Pa serial pali mapini awiri amene pulogalamu imatha kuwayatsa mosavuta, DTR pa pini 4 ndi RTS pa pini 7, ground ili pa 5. Koma dziwani kuti serial siyenda 0 ndi 5V ngati parallel. Pini ikayaka imapita ku positive, ikazima imapita ku negative, ndipo malamulo a RS-232 amalola kuyambira 3V mpaka 15V mbali zonse ziwiri.

Zipangizo zina zonse sindinapite nazo ku Lilongwe, ndinazitola mu katoni ya zakufa imene tonsefe timasunga pansi pa tebulo. Chofunika kwambiri ndi kachinthu kakuda ka miyendo inayi kotchedwa optocoupler, PC817, kamapezeka mu ma power supply ambiri, a ma decoder, a ma TV, ngakhale mu machaja ena abwinoko. Mukayang'ana bolodi ya power supply mupeza pali mzere umene ulibe kopa, wogawa mbali ya magetsi aakulu ndi mbali ya aang'ono, ndipo kachinthuka kamakhala katatangadza pamzerewo. Mkati mwake muli ka LED mbali imodzi ndi ka transistor komva kuwala mbali inayo, pakati palibe waya. Kompyuta imangoyatsa ka LED, kuwala nkuwoloka, mbali inayo nkumva. Opanga amalemba kuti mpata umenewu umapirira 5000V. Ine kachinthu kameneka ndimakakonda kwambiri chifukwa kamagulidwa motchipa, pena kaulere, koma ndi kamene kamaima pakati pa kompyuta ya munthu ndi ngozi.

Pali kadontho pamwamba pake kosonyeza mwendo woyamba. Mwendo 1 ndi 2 ndi za LED, 1 ndiye wolandira positive. Pamzere wopita ku mwendo 1 pamafunika resistor yochepetsa magetsi kuti LED izingolandira pakati pa 5 ndi 10 mA, zomwe port imakwanitsa osatopa. Ndipo poti serial imatembenuka kupita ku negative, pomwe LED ya PC817 imangopirira 6V chobwerera, ndinaika diode yaing'ono ya 1N4148 pa miyendo iwiri yomweyo koma motembenuza, kuti magetsi akabwera chakumbuyo azidutsira mmenemo.

Mbali inayo ili ndi magetsi akeake. Ndinatenga adapta ya 12V ya router yakufa, relay ya 12V ndinaizula mu UPS yakale, koyilo yake ndi ma ohm 400, imadya 30 mA. Positive ya 12V ikupita pa mwendo 4 wa PC817, mwendo 3 ukudutsa pa resistor ya 4.7k kupita pa base ya transistor ya BC337, ndipo kuchoka pa base kupita ku negative pali resistor ya 10k yoti transistor izikhala yozimiratu pomwe palibe lamulo. Emitter ku negative, collector ku mwendo umodzi wa koyilo, mwendo wina wa koyilo ku 12V. BC337 imanyamula mpaka 800 mA nde pa 30 mA siitentha nkomwe. BC547 imene ili mbwee m'mawailesi malire ake ndi 100 mA, pa relay ya 12V ikwana, koma pa ija ya 5V ya 70 mA ine sindingaikhulupirire nthawi yaitali. Miyendo ya ma transistor siyofanana pa mitundu yonse, yezani musanawotchere.

Kenako diode imene ikanaletsa kamoto kaja kumenya port yanga, 1N4007, yomwe ili mu chaja pafupifupi iliyonse ndi m'mababu akale aja a energy saver. Imakhala pa miyendo iwiri ya koyilo penipeni, mbali ya kamzere koyera iyang'ane ku positive. Nthawi zonse imangokhala phee osagwira ntchito, koma transistor ikangodula magetsi, kamoto kobwerera kaja kamazungulira mu diode ndi mu koyilo mpaka kuzilala. Mukaitembenuza, kamzere nkuyang'ana ku transistor, ndekuti mwapanga shoti ndipo transistor ipsa nthawi yoyamba yomwe muyatse. Amene mukufuna ma relay ambiri, mwina malaiti a zipinda zingapo, pali chip ya ULN2803 yomwe ili ndi ma transistor a njira 8 ndi ma diode ake mkati momwemo, bola musaiwale kulumikiza mwendo 10 ku positive ya ma relay, apo ayi ma diode aja sakugwira ntchito.

Mphwanga amene akuphunzira ntchito pa shopu ndi amene ankawotcherera, dzanja lake ndi lokhazikika kuposa langa. Atamaliza anatenga kawaya kakuda nkufunsa, "Achimwene, ground ya kompyuta ndi negative ya adapta ndilumikize pati?" Ndinamuuza kuti aike pansi kawayako. Anadabwa chifukwa pa zonse zomwe ndamuphunzitsa ground imakhala imodzi. Ndinamupatsa mita kuti ayeze pakati pa mbali ziwirizo, mita osalira, nde ndinamuuza kuti kusalirako ndiye ntchito yonse imene tagwira lero, ukangoika kawayako wamanga mlatho pamwamba pa mpata uja ndipo PC817 yasanduka chokongoletsa. Zomwezi zimachitika ndi timabolodi ta relay togula kale tija. Tambiri tili ndi optocoupler ndithu, koma pali ka jumper kolembedwa JD-VCC kamene kamalumikiza magetsi a koyilo ndi a mbali ya kompyuta. Kakakhala pomwepo palibe kulekana kulikonse. Muyenera kukachotsa, koyilo muipatse adapta yakeyake pa JD-VCC ndi ground yake, ndipo ground imeneyo isapite ku kompyuta.

Pulogalamu sinandivute, ndi mizere yochepa ya chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Python ndi pyserial imene imalankhula ndi serial port, kutsegula port, kuyatsa pini, kudikira masekondi 5, kuzimitsa, ndipo Task Scheduler ya Windows ndi imene imaidzutsa pa nthawi za pa timetable. Chomwe ndinasintha ndi kabatire ka CR2032 ka pa motherboard, chifukwa kakale kanali katatha ndipo kompyuta imataya nthawi ikazima.

Tinakamanga kusukulu Lachisanu, belu linalira bwinobwino, ahedi anasangalala. Lolemba m'mamawa foni. Magetsi anali atathima Lamlungu madzulo nkubwera pakati pa usiku, ndipo poti ndinatchera BIOS, kapulogalamu ka pa motherboard kamene kamadzutsa kompyuta, kuti kompyuta iziyaka yokha magetsi akabwera, inayakadi, nde belu linalira pang'ono pang'ono kangapo usiku umenewo. Alonda, bambo achikulire, anadzidzimuka kuganiza kuti mu ofesi mwalowa anthu, anaimba wenzulo, oyandikana ndi sukulu anatuluka m'nyumba ndi kuzizira konse kuja. Ndinapita kukapepesa kwa alondawo pamaso, iwo anangoti, "Mwana wanga, chinthu chimene chimalira chokha usiku sichitipatsa mtendere, kachikonze." Ndipo ananena zoona.

Cholakwika chinali changa. Poyamba ndinalumikiza LED ija pakati pa DTR ndi ground, osadziwa kuti kompyuta ikamayaka imagwedeza mapini amenewa payokha, Windows imayatsa ndi kuzimitsa DTR pofufuza ngati pa port pali chipangizo, ndiponso pulogalamu iliyonse ikangotsegula port, DTR ndi RTS zimayaka zonse ziwiri. Parallel port nayonso imachita zake poyaka. Usiku wa Lolemba sindinagone bwino, osati chifukwa cha belu, koma ndinkaganiza kuti bwanji chikanakhala chigayo, kapena pampu, munthu wazimitsa kuti akonze lamba, magetsi nkubwera, kompyuta nkuyatsa yokha dzanja lili mkati. Anthu timaganiza zoteteza kompyuta, zomwe ndi zabwino, koma kumapeto kwa waya kuli munthu.

Mmene ndinakonzera ndi motere. LED ndinaichotsa pa ground nkuiika pakati pa mapini awiri aja, mwendo 1 ku RTS kudzera pa resistor ya 2.2k, mwendo 2 ku DTR. Tsopano imayaka pokhapokha RTS ili positive ndipo DTR ili negative nthawi imodzi. Zonse zikayaka pamodzi palibe kusiyana kwa mavolti, LED siyaka. Zonse zikazima, chimodzimodzi. DTR ikayaka yokha, magetsi amabwera chakumbuyo nkudutsira mu 1N4148 ija. Pulogalamu yanga yokha ndi imene imazimitsa DTR kaye kenako nkuyatsa RTS. Resistor ndinaikweza kufika 2.2k chifukwa tsopano mavolti a mbali ziwiri akuphatikizana. Koma musangokhulupirira zanga, makompyuta ndi makebulo amasiyana. Ine ndinachotsa belu, nkuika LED wamba pamalo pake, ndinazimitsa ndi kuyatsa kompyuta kakhumi, kuzula kebulo ya USB nkubwezera, kuzula pulagi pakhoma ngati magetsi athima, maso ali pa LED, mpaka nditakhutira kuti siikuphethira. Kuyesa kumeneku ndikanayenera kuchita tsiku loyamba lija. Ndinawonjezeranso swichi wamba pakhoma yodula belu, alonda amaizimitsa ana akaweruka, m'mawa nkuyatsa, ndipo ikuthandizanso ngati kompyuta itaundana RTS ili yoyaka, belu lisalire mpaka kupsa.

Za mbali ya 230V ndilankhule mosabisa, iyi imapha, ndipo ngati simunaphunzire za waya wa m'nyumba itanani wodziwa amene ali ndi chiphaso. Ineyo ndinaitana mnzanga wa zamagetsi kuti amange mbali imeneyo ine ndikuyang'ana. Relay imadula live, waya wa bulauni kapena wofiira m'nyumba zakale, osati neutral, chifukwa mukadula neutral belu lizima koma waya wake ukadali ndi moto, wina adzagwira poganiza kuti ndi wozima. Tinaika fyuzi ya 3A pa live isanafike pa relay. Pa veroboard, bolodi ya timabowo imene tinawotchererapo zipangizo, timizere ta kopa timayandikana kwambiri, nde pansi pa miyendo ya relay yonyamula 230V tinapala timizere tonse toyandikira mpaka kutsala bolodi yokhayokha, mpata woposa mamilimita 6 kuchoka ku mbali ya 12V. Zonse zili mu bokosi la pulasitiki lotseka ndi masikulu, mawaya omangidwa polowera kuti mwana akakoka asazuke, ndipo tinatseka timabowo chifukwa mphemvu ndi chinyezi cha nyengo ya mvula zimayendetsa magetsi pomwe simukufuna.

Panatsala kavuto kena kamene kanandizunguza masiku awiri. Belu likangosiya kulira, pena kompyuta imalira kaphokoso kaja ngati mwazula USB, kenako belu lotsatira osalira. Mbali ziwiri zinali zolekana bwinobwino, nde zikudutsira pati? Belu nalonso ndi koyilo, relay ikadula pamathetheka kamoto pa timano take, mukayang'ana mumdima pa relay yoonekera mkati mumakaona kabuluu, ndipo kamotoko kamamwaza phokoso la magetsi limene kebulo ya USB imatola ngati mlongoti wa wailesi. Tinaika snubber, resistor ya ma ohm 100 yotsatizana ndi capacitor ya 100nF, pa mawaya awiri a belu. Capacitor yake ikhale yolembedwa X2 ndi 275V, zachikasu kapena zotuwa zija zimakhala polowera magetsi mu power supply, osati iliyonse yomwe mwaipeza. Tinapatutsanso waya wa belu kuti asayende limodzi ndi kebulo ya USB. Kuyambira pamenepo sizinachitikenso.

Mvula ikayamba ndawauza kuti pa holide azizula zonse pakhoma, chifukwa mphenzi za kuno kumapiri 5000V ya PC817 siziiona ngati kanthu. Ndipo limu ya galimoto yopachika pa mtengo pabwalo ngati belu ndinawapempha asaichotse, tsiku lopanda magetsi mwana uja amaimenyabe ndi chitsulo.

Sabata yatha ahedi anabweranso, akuti poti belu likuyenda bwino, kompyuta yomweyo iziyatsanso pampu ya pa thanki ya madzi. Ndinawauza kuti pa relay pamalembedwa 10A 250V, inde, koma nambala imeneyo ndi ya katundu wofatsa ngati babu kapena heater. Mota ikamadzuka imakoka magetsi kasanu kapena kupitirira apo poyerekeza ndi mmene imadyera ikamayenda, ndipo timano ta relay yaing'ono timatha kusungunuka nkumatirirana, pampu osazimanso ngakhale kompyuta ilamule. Pamenepo pamafunika contactor, relay yaikulu yonyamula mota, yokhala ndi overload yodula magetsi mota ikalemedwa, relay yathu izingoyatsa koyilo ya contactor, komanso float switch, swichi yoyandama pa madzi, mu thanki ndi isolator pafupi ndi pampu yoti wokonza azidula ndi dzanja lake. Anati mtengo wake ungakhale bwanji, ndinati sindinena kanthu ndisanaone kachitsulo kolembedwa pa mota. Loweruka likubwerali tikupita ndi mnzanga wa zamagetsi uja kukawerenga ma amp ake, ndipo mphwanga wayamba kale kufukula mu katoni kufuna PC817 ina.